Mitengo ya chonde m'munda wa chimanga: mmene imagwirira ntchito ndi chimene chikuilepheretsa kufala

Dandaulo lakuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu lili paliponse, kuyambira ku Mchinji mpaka ku Phalombe. Mlimi amakuuza kuti matumba awiri amene kale ankadzaza nkhokwe lero akungomupatsa chimanga chachikasu, cholekeza m'chiuno, kaufiti ali psuu pansi pake. Ena amaloza chala ogulitsa kuti akusakaniza feteleza ndi mchenga, ndipo akathyali otere amagwidwadi nthawi zina. Koma m'minda yambiri thumba lilibe mlandu. Imene yatopa ndi nthaka.

Nthaka yachonde imakhala ndi zowolerana zambiri: masamba, mizu, mapesi ndi ndowe zimene zinasanduka dothi lakuda lofewa lija timalipeza pansi pa mitengo ya kumanda. Zowoleranazi ndi zimene zimasunga chinyezi mvula ikadula, zimagwira mchere wa feteleza kuti usatsike ndi madzi, komanso ndi chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso timene timafewetsa nthaka. Makolo athu ankazibwezeretsa pogoneka munda. Ukaguga ankausiya tsala zaka zingapo, tchire n'kumera, iwo akulima kwina. Pa kalembera wa 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Malo ogoneka anatha. Mabanja ambiri, makamaka kumwera, akulima munda wosafika hekitala imodzi, chimanga chaka ndi chaka pamalo omwewo, mapesi n'kutenthedwa pososa kapena kudyedwa ndi ziweto. Kuwonjezera apo, kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti hekitala iliyonse imataya pafupifupi matani 29 a dothi pachaka chifukwa cha kukokoloka. Kuthira feteleza m'nthaka yotere kuli ngati kutunga madzi m'dengu.

Kwa zaka pafupifupi 20 boma lakhala likuyankha vutoli ndi thumba. Ndondomeko ya makuponi ya FISP inayamba mu 2005 pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, thumba la feteleza la makilogalamu 50 likugulidwa pa K4,495. Zaka za mvula yabwino chimanga chinachulukadi, zimenezo sitingakane. Koma feteleza timaitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja zimene zimatisowa. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022 feteleza anakwera padziko lonse, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba limene mu 2020 linkagulidwa pafupifupi K20,000 m'sitolo, pofika 2025 linali litadutsa K100,000. N'chifukwa chake nkhani ya mitengo yobwezeretsa chonde yabwereranso pakamwa pa alangizi, ngakhale kuti ndi yakale ndithu.

Mchere umene chimanga chimaufuna kwambiri ndi nayitulojeni, womwe uja timaugula mu Urea pobereketsa. Mumpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitulojeni, koma chimanga sichitha kumutenga mumpweyamo. Zomera za gulu la nyemba ndizo zili ndi njira. Zulani mtedza kapena soya pamene ukuchita maluwa, muona timibulu tating'onoting'ono titamatirira m'mizu. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiira mkati ndiye kuti ntchito ikugwirika. Koyera kapena kobiriwira n'kogona. M'timibulumo mumakhala tizilombo timene timakoka nayitulojeni wa mumpweya wa m'nthaka n'kumusandutsa chakudya cha chomeracho. Mitengo ina ya gulu lomweli imachita chimodzimodzi, kungoti iyo imatero kwa zaka zambiri, ndipo mizu yake imazama kupitirira pamene mizu ya chimanga imalekeza. Imakatenga mchere umene unatsika ndi madzi n'kuukweza m'masamba. Masambawo akakwiriridwa m'mizere, mcherewo wabwerera pamene chimanga chingaufikire.

Si mtengo uliwonse ungachite izi. Bulugamu amamwa madzi a chimanga osabweza kanthu. Keshya amapereka masamba ambiri koma sakoka nayitulojeni mumpweya. Nawonso masamba amasiyana kawoledwe. Mapesi ouma amatenga nthawi, ndipo tizilombo towoletsa timayamba tabwereka nayitulojeni wa m'nthaka kuti tiwagaye, n'chifukwa chake chimanga chodzalidwa pa mapesi ongokwiriridwa kumene nthawi zina chimayamba ndi chikasu. Masamba anthete a mitengo ya chonde amawola m'masabata ochepa chabe.

Mtengo woyamba pa nkhaniyi sunabwere ndi bungwe lililonse. Msangu, umene akatswiri amautcha Faidherbia albida, ndi wathu wakalekale. Mukamayenda ku Salima, kuchigwa cha Bwanje, ku Mangochi, kuchigwa cha Shire kapena ku Karonga mumaona mitengo italiitali yaminga itaima pakati pa minda, chimanga chitadzalidwa mpaka patsinde. Khalidwe lake ndi losemphana ndi la mitengo inzake. Mvula ikayamba, pamene ina yonse ikuphuka, msangu umayoyola masamba n'kukhala nthambi zokhazokha dzinja lonse. Manyowa amagwa pa nthawi imene mlimi akudzala, dzuwa limafika pa chimanga, ndipo mtengowo sulimbirana madzi kwenikweni ndi mbewu. Chilimwe chikafika umavalanso masamba, ng'ombe ndi mbuzi n'kumadzausa pamthunzi pake, kudya zipatso zake zopotana zija n'kusiya ndowe pomwepo. Chimanga cha pansi pa msangu waukulu chimadziwika ndi maso ukali patali: chobiriwira kwambiri, chachitali, cha zisononkho zonenepa. Ofufuza m'Malawi ndi ku Zambia akhala akupeza zokolola zowirikiza kawiri, pena kuposa apo, pansi pa mtengo poyerekeza ndi poyera.

Chovuta cha msangu n'kuchedwa. Wodzala lero amadikira zaka 10 kapena kuposerapo kuti aone kusintha kwenikweni. Njere yake ili ndi khungu lolimba, moti imafunika kukandidwa kapena kudulidwa pang'ono kuti imere. Muzu wake umathamangira pansi mtengo usanakule, ndipo mbande ikakhalitsa m'chubu muzuwo umapindika, mtengo n'kukhala wopinimbira. Ku Zambia bungwe la Conservation Farming Unit linalimbikitsa kudzala msangu motalikana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Koma njira yachangu ndi yotsika mtengo ndiyo kusamalira yomera yokha. Ku Niger, kumene mtengowu amautcha gao, alimi a ku Maradi ndi Zinder anayamba m'zaka za m'ma 1980 kusiya mphukira za pa zitsa m'malo mozidula, mothandizidwa ndi anthu monga Tony Rinaudo, ndipo lero malo okwana pafupifupi mahekitala 5 miliyoni ali ndi mitengo m'minda. Kwathu kuno kamsangu kakamera kokha m'munda nthawi zambiri kamathera pa khasu pososa, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti munda wa mlimi wakhama uyenera kukhala woyera.

Tisanafike pa mtengo wa gilisidiya tikumbukire mtengo wa lukina, chifukwa alimi akuluakulu sanamuiwale. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera njira yodzala mipanda ya lukina pakati pa chimanga, yochokera ku kafukufuku wa bungwe la zaulimi la IITA ku Ibadan m'dziko la Nigeria, kumene mvula ndi yambiri. Kuno, kumene mvula imagwa nyengo imodzi yokha, mipandayo inkalanda chinyezi cha chimanga, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera kachilombo koyamwa nsonga za lukina kamene kanaiwononga kwambiri. Amene anataya thukuta lawo nthawi imeneyo akamamva za mitengo ya chonde amayamba akayika, ndipo ali ndi chifukwa.

Gilisidiya, Gliricidia sepium m'mabuku, kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Umboni waukulu wa mtengowu m'dziko muno unachokera ku Makoka, malo a kafukufuku wa zaulimi pafupi ndi Thondwe ku Zomba, kumene bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, linayamba kuyesa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe. Anaphunzirapo pa lukina. M'malo molola mitengo kukula ngati mpanda, ankaidula nthawi ndi nthawi kuti isachite mthunzi kapena kupambana chimanga. Mbande ankaziwokera m'khwawa, kudumpha khwawa limodzi, motero mizere ya mitengo inkatalikana mita imodzi ndi theka, mtengo ndi mtengo masentimita 90. Mizere yonse ya chimanga inkakhalapobe, palibe phando limene linatayika.

Ntchito yake imayenda motere. Mvula ili pafupi, cha mu Okutobala kapena Novembala, mlimi amalowa m'munda ndi chikwanje chakuthwa n'kudula mtengo uliwonse, kusiya chitsa cha masentimita 30, chosafika ndi m'bondo momwe. Amapulula masamba ndi nsonga zanthete, nthambi n'kuunjika pambali kuti zikakhale nkhuni. Fungo la masambawo ndi lamphamvu, limatsalira m'manja. Kenako amang'amba mzere wakale, kuyala masamba n'kuwakwirira pounga mzere watsopano. Mvula ikagwa masabata awiri kapena atatu, mukafukula ndi dzanja mupeza masamba atada ndi kuterera, nyongolotsi zili mkati. Chitsa chija chimaphukanso msanga, choncho amadulanso pa nthawi yopalira, n'kudzadulanso pobandira, masamba ake n'kukwirira pafupi ndi chimanga monga tichitira ndi feteleza wobereketsa. Akakolola amaileka mitengo ikule chilimwe chonse, ikudya chinyezi chakuya chimene mbewu ina iliyonse sikanachifikira. Chitsa chimodzi chimagwira ntchito yotere kwa zaka zoposa 15 osadzalanso.

Zotsatira za ku Makoka, zimene akatswiri monga Festus Akinnifesi ndi Gudeta Sileshi analemba, n'zosabisika. Kwa zaka zoposa 10 zotsatizana, chimanga cholimidwa chokha popanda feteleza chinkatulutsa pafupifupi tani imodzi pa hekitala, omwe ndi matumba 20. Cholimidwa ndi gilisidiya, popandanso feteleza, chinkapitirira matani 3, matumba oposa 60. Atathirako feteleza wochepa, kota kapena theka la mlingo umene alangizi amanena, zokolola zinakweranso kuposa pamenepo. Chinanso chimene anapeza ku Makoka komanso ku Msekera, malo a kafukufuku pafupi ndi Chipata ku Zambia, n'chakuti zokolola za m'minda ya gilisidiya sizinkasinthasintha kwambiri pakati pa chaka cha mvula yabwino ndi cha mvula yanjomba. Nthaka yofewa imamwa madzi m'malo mowathamangitsa, ndipo imawasunga masiku angapo owonjezera. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Palibe mtengo umene ungapulumutse chimanga mvula ikadula mwezi wathunthu pamene chikumasula, koma ng'amba ya masabata awiri imapha chimanga cha m'nthaka yoguga n'kusiya cha m'nthaka ya manyowa chili chiimire.

Masamu ake ndi osavuta. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitulojeni wokwana makilogalamu 23. Masamba ouma a gilisidiya ali ndi nayitulojeni magawo 3 kapena 4 pa 100. Hekitala ya mitengo yokhwima ikhoza kupereka matani 3 a masamba ouma pachaka kapena kuposerapo, omwe ndi makilogalamu 90 a nayitulojeni, pafupifupi matumba 4 a Urea. Koma apa m'pofunika kunena zoona zonse. Chimanga sichitenga nayitulojeni yenseyo chaka chomwecho. Wina amatsala m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono zaka zotsatira, wina amauluka masamba akangoyalidwa pamwamba osakwiriridwa, ndipo mlimi akachedwa kudula, masamba amawola chimanga chitadutsa kale msinkhu woufuna mcherewo. Komanso mtengo supanga fosifolasi, salufa kapena zinki. Umangokweza amene ali kale m'nthaka, ndipo minda yathu yambiri, makamaka ya katondo, michere imeneyi ndi yoperewera. Ndi imene ija ili mu feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn. Choncho wa gilisidiya wokhwima achepetse wobereketsa poyamba, koma wokulitsa pang'ono, kapena manyowa a khola, kapena wa Mbeya amene alimi akupanga okha masiku ano, azithirabe. Ine amene amalalikira kuti dzalani mitengo muiwale feteleza ndimawaona kuti akuipitsa chinthu chabwino, chifukwa mlimi akakhumudwa kamodzi sabwereranso. Tionjezenso kuti m'minda ya alimi zokolola sizifika pa za ku Makoka, kumene kudula ndi kupalira kunkachitika pa tsiku lake.

Pali zitsamba zina zosakhalitsa zimene zimalowa m'gulu lomweli. Mthuthu, umene ena amautcha ombwe ndipo kumpoto amati mtetezga, umadzalidwa pakati pa chimanga chikamera. Umakula pang'onopang'ono pansi pa chimangacho, chikakololedwa n'kutenga munda wonse, ndipo mvula ikayandikira umadulidwa masamba n'kukwiriridwa. Phindu lake limabwera msanga koma ndi locheperapo, ndipo umafunika kudzalanso chaka chilichonse. Masamba ake ali ndi poizoni amene anthu ena amaphera nsomba m'mitsinje, chizolowezi choipa chopha ndi tiana tomwe, koma poizoni yemweyo amathandiza pa anankafumbwe ndi nkhupakupa. Ofufuza anapeza kuti m'Malawi muno muli mthuthu wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wopanda mankhwalawo n'komwe, ndiye amene anayesa n'kuona kuti anankafumbwe sakufa sankanama. Alimi a fodya ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji asamale: mthuthu ndi chitsamba china cha chonde chotchedwa jelejele zimasunga tinyongolotsi totupitsa mizu timene timavutitsanso fodya.

Jelejele anatchuka ku Msekera, kumene Freddie Kwesiga ndi anzake anasonyeza kuti munda wogonekedwa zaka ziwiri uli ndi jelejele umabwerera mwakale kuposa tsala la udzu la zaka zambiri. Kum'mawa kwa Zambia, kumene malo alipo, njirayi inayenda. Koma ku Chiradzulu kapena ku Thyolo ndani angagoneke munda zaka ziwiri? Banja lidya chiyani?

Nandolo ndiye akutiphunzitsa zambiri. Palibe amene anachita kunyengerera alimi a kumwera kuti azimudzala pamodzi ndi chimanga. Anayamba okha kalekale. Amayoyola masamba ambiri, mizu yake imaboola nthaka yolimba, ndipo chaka chomwecho amapereka ndiwo, nkhuni ndi ndalama. Ku Ekwendeni alimi ogwira ntchito ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities anafalitsa njira yodzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kudzalamo chimanga. Pamene dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja mu 2017 msika unagwa, ndipo ambiri anagwa naye ulesi. Zikuonetsa kuti mlimi amasunga chomera chimene chikumupatsa kanthu m'manja msanga, ndipo apa m'pamene gilisidiya amapunthwira.

Zaka ziwiri zoyamba, nthawi zina zitatu, gilisidiya sapereka kanthu kooneka. Mitengo ikadali yaing'ono, masamba ndi ochepa, chiswe chikudya mbande zina, ndipo chimanga chili monga chinalili. Komatu ntchito ndiye yachuluka. Pa katalikidwe ka ku Makoka hekitala imalowa mitengo pafupifupi 7,400, ekala pafupifupi 3,000, ndipo iliyonse inafesedwa pa nazale, kuthiriridwa mu Okutobala madzi akusowa, kunyamulidwa ndi kuwokeredwa pa masiku omwewo odzala chimanga. N'chifukwa chake ena masiku ano amatalikitsa mizere ya mitengo mpaka mamita 5, kulolera masamba ochepa kuti ntchito itheke. Kudula kwachiwiri ndi kwachitatu kumagwa mu Disembala mpaka Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zili mbee ndipo osauka ali pa ganyu m'minda ya anzawo kuti apeze ufa wa tsikulo. Mayi wolera yekha ana kapena gogo wosunga zidzukulu, amene nthaka yake ndiyo yoguga kwambiri ndipo feteleza sangamukwanitse, ndi yemwenso alibe manja odulira mitengo pa nthawi yake. Akachedwa, mitengo imaphimba chimanga, iye n'kuona ngati yamuwonongera munda. Izi zimandiwawa, chifukwa njira imene inapangidwira osauka imafuna mphamvu ndi nthawi zimene osauka ndiwo alibe.

Kenako pali mbuzi ndi moto. M'midzi yambiri anthu akangokolola ziweto zimamasulidwa, munda wa aliyense n'kukhala busa la mudzi wonse. Nandolo ndi jelejele zimathera pomwepo. Gilisidiya wamkulu mbuzi sizimukonda kwenikweni, koma mbande zimadyedwa kapena kupondedwa ndi ng'ombe. Mu Ogasiti ndi Seputembala anyamata osaka mbewa amayatsa mapesi, moto n'kudutsa minda khumi. Mlimi mmodzi sangathane nazo izi, ngakhale atakhala wakhama chotani. Kum'mawa kwa Zambia, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mafumu akuluakulu a Achewa ndi Angoni anakhazikitsa malamulo oletsa kulekerera ziweto ndi kutentha tchire pofuna kuteteza minda ya mitengoyi. Sanatsatidwe paliponse, ndipo woyatsa moto amavuta kumugwira kusiyana ndi mwini mbuzi, koma anasonyeza pamene nkhaniyi iyenera kukambidwa: pabwalo la mfumu, eni ziweto ndi eni minda atakhala pamodzi, chindapusa chitagwirizanidwa, ndiponso eni mbuzi atauzidwa kumene ziweto zawo zikadye.

Nkhani ya mwini malo ndi yovutirapo. Wobwereka munda wa lendi kwa chaka chimodzi sangadzale mtengo wodzapindula chaka chachitatu, ndipo mwini munda akaona kuti nthaka yabwerera amaulanda kapena kukweza lendi. Eni minda ena amakaniziratu, poopa kuti wodzala mtengo mawa adzati malowo ndi ake. Mkamwini amene akudziwa kuti banja likatha adzachoka ndi bulangete lokha amaganiza kawiri asanawokere msangu kumudzi kwa mkazi wake, ndipo mayi wa chitengwa amene angathamangitsidwe mwamuna akamwalira ali ndi nkhawa yomweyo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo, koma kumidzi yambiri silinafike.

Mabungwe ayesetsa. M'zaka za m'ma 1990 kunali pulojekiti ya MAFE, pambuyo pake Total LandCare inapitiriza, ndipo mu 2007 ICRAF inayambitsa Agroforestry Food Security Programme ndi thandizo la dziko la Ireland, imene inafikira mabanja oposa 100,000. Ku chigwa cha Luangwa ku Zambia bungwe la COMACO linalumikiza gilisidiya ndi msika: limagula mtedza, soya ndi mpunga kwa alimi ake n'kupereka kenakake kowonjezera kwa magulu osamala nthaka, motero mlimi amaona ndalama mitengo isanayambe kubweza. Koma mapulojekiti ambiri amakhala a zaka zitatu kapena zinayi, amatseka pa nthawi yeniyeni imene mitengo ikuyamba kupindulitsa, mlangizi wa bungwe n'kupita, wa boma n'kutsala ndi mabanja oposa 1,000 ndi njinga yakapalasa. Malipoti amawerenga mbande zogawidwa. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala ndi nyengo yodzala mitengo, atsogoleri n'kujambulitsa atagwira khasu, ndipo dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Chiwerengero chimene chikanatiuza zoona ndi cha zitsa zimene zikudulidwabe masamba chaka chachinayi.

Ine ndikuona kuti thumba ndi mtengo siziyenera kupikisana. Zaka zitatu zoyamba, pamene mitengo sinayambe kubweza, ndi pamene mlimi akufunikiradi feteleza wotsika mtengo kuti banja lisagone ndi njala. Ndondomeko ya boma itati ipereke kuponi pamodzi ndi mbewu ya gilisidiya, nandolo kapena mthuthu, mlangizi n'kumadzaona ngati mitengo ilipo, ndiye kuti pofika chaka chachinayi banjalo likhoza kukolola zochuluka ndi theka la feteleza, thumba lotsalalo n'kupita kwa wina. AIP ya chaka choyamba inadya pafupifupi K160 biliyoni. Kagawo kochepa chabe ka ndalama zotere kakanalipira alangizi, alimi otsogola ndi mbewu za mitengo m'dera lililonse la zaulimi.

Mbewuyo ndiyo imasowa kawirikawiri. Gilisidiya wodulidwa katatu pachaka sachita maluwa, choncho mudzi umene ukufuna kudzidalira uyenera kusiya mitengo ingapo m'malire a munda kapena pakhomo osaidula. Imachita maluwa m'chilimwe, zipatso zake n'kukhwima mvula ili pafupi, ndipo zimafunika kuthyoledwa zisanaphulike zokha n'kumwaza njere. Nazale iyenera kufesedwa pafupifupi miyezi iwiri mvula yodzalira isanagwe, kuti mbande ziwokeredwe ndi mvula yoyamba n'kuzika mizu chilimwe chisanabwere. Mbewu yofika m'mudzi mu Januwale, monga imafikira nthawi zambiri ikachokera ku maofesi, imapereka mbande zofooka zimene zambiri zimauma pofika Seputembala, mlimi n'kuyambiranso chaka chamawa ngati mtima ukadalipo.